Khadi Yolemera

Amalume anandiimbira foni ndili ku ofesi, ndipo sanazungulire. Anati iwo ndi amayi akhala pansi, agwirizana kuti mwezi ukatha abwera kudzamutenga mlongo wanga apite naye kumudzi ku Dedza, kumene kuli manja ambiri omusamala. Ndinayankha kuti ndamva, chifukwa amalume sitiwabwezera mawu pa foni. Koma ine ndinakulira komweko, ndipo ndikudziwa zimene zimachitika wodwala akatengeredwa kumudzi. Amamuyalira mphasa m'kanyumba ka kuseri, anthu nkumabwera kudzamuona akuyankhula motsitsa mawu ngati zatha kale, ndipo tsiku lina a kutauni mumangolandira uthenga woti bwerani. Nditadula foniyo ndinakadzitsekera m'chimbudzi cha ku ofesi nkulira. Anali atandipatsa masabata atatu.

Mlongo wangayo ndi mnyamata, wamng'ono kwa ine ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndinamuitana ndine ku Mzuzu atamaliza Folomu 4, boma litanditumiza kuno, ndipo anapeza malo pa kabenchi ka mnzake pafupi ndi msika waukulu, kumene ankakonza mafoni. Tsiku lina akubwerera kunyumba ku Chiputula pa njinga yamoto ya kabaza, anawombana ndi galimoto pa mphambano. Wakabazayo anangothyoka mkono. Mlongo wanga anavulala msana, ndipo kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi sanamvenso kanthu.

Tinakhala m'chipatala miyezi iwiri, ine ndili gadiyani wake, ndikugona pansi pambali pa bedi. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kumuyankhulira. Aliyense wobwera ankafunsa ine ngati odwala adya, ngati odwala agona bwino, ndi kuti odwala akumva kuwawa pati, mwini wake ali pomwepo akuphethira. Poyamba zinkandinyansa, kenako ndinazolowera, ndipo titatuluka ndinapitiriza ndekha osazindikira. Amayi a kumpingo akabwera kudzapemphera, wofotokoza mmene iye akupezera ndinali ine. Iye anayamba kuyankha ndi mutu, kenako anasiya ndi mutu womwewo. Foni yake anaizimitsa nkuiponya m'kabati. Chakudya ankangolawa. Tsiku lonse ankakhala pa njinga yake ya olumala atayang'ana khoma, ndipo mayi woyandikana nane nyumba, amene ankamuyang'anira ndikapita kuntchito, ankandilandira madzulo ndi uthenga umodzimodzi, woti leronso sanatsegule pakamwa.

Ndisaname, amalume sankalakwitsa kwenikweni. Munthu ankatha ine ndikuona, mikono ikuonda, kolala ya malaya ikukula. Chimene chinkandipweteka nchakuti ndinalibe choti ndiwaonetse. Ndikanawauza kuti akupezako bwino, akanangondifunsa kuti ndaonera pati.

Loweruka la sabata yomweyo ndinatulutsa zikwama zake kuti ndiziyanike, paja ku Mzuzu chilichonse chimene wachiiwala pakona chimachita chuku. M'chikwama china ndinapeza kope. Pa tsamba lomaliza panali mndandanda wa zilembo ndi manambala, ndipo pamwamba pake analembapo kuti kompyuta yanga ya magemu. Ndinakumbukira mmene ankandisokosera nayo nkhani imeneyi ngozi isanachitike. Lamlungu masana ankasowa, ali ku Mchengautuwa kwa anzake akusewera mpira wa pa sikirini, ndipo akabwera ine ndinkamukalipira kuti munthu wa ndevu sachita zachibwana zoterozo. Iye ankangoseka, nkumati tsiku lina adzalumikiza yake, azigula chipangizo chimodzichimodzi mpaka idzakwane. Ndinang'amba tsambalo mwakachetechete nkuliika m'chikwama changa. Ndinaganiza zoti ndimugulire zinthuzo, mwina angatembenuke kuchoka kukhoma kuja amalume asanafike. Zoti ndimufunse mwini wake sizinandibwerere nkomwe m'mutu.

Ine kompyuta ndimaidziwa ya ku ofesi, yolembera makalata, ndipo ikauma ndimakazimitsa pakhoma. Ndalama zimene ndinali nazo zinali za alawansi ya wekishopu ina, kuphatikizapo zochepa zimene ndinkasungira firiji. Amene anagwirapo ntchito m'boma akudziwa kuti zimenezo si ndalama zolowa nazo m'shopu uli nyang'wa. Choncho ndinayambira kwa ogulitsa makompyuta akale ochokera m'maofesi. Anandionetsa kabokosi kopyapyala ngati thireyi ya mazira, anati nkolimba ndipo nkotchipa. Wogulitsayo anayang'ana pepala langa nkuyamba kuchonga, akuti ramu ilimo, purosesa ilimo, posungira zinthu palipo, ngakhale si zenizenizo zimene zalembedwa. Panatsala chinthu chimodzi chimene mlongo wanga anachidula mzere kawiri, khadi ya magalafikisi. Imeneyo analibe, ndipo sankadziwanso amene ali nayo. Kabokosiko ndinakagulabe.

Masiku anayi ndinayenda nthawi ya nkhomaliro, m'kamvula kathu kaja kosagwa kosaleka, kulowa shopu iyi kutuluka iyo. Ena ankandionetsa memori khadi ya m'foni. Wina anandiuza kuti ndidikire m'bale wake akapita ku Tanzania mwezi wamawa, ngati kuti ine ndinali ndi mwezi wamawa. Tsiku lachisanu ndinalozeredwa kakhonde kena kuseri kwa depoti ya mabasi, kumene ndinapeza bambo wachikulire wa magalasi atakhala pakati pa mulu wa makompyuta otsegula mimba.

Anandilonjera m'Chitumbuka, ine nkuyankha kuti nili makola, ndipo Chitumbuka changa cha zaka zisanu ndi zitatu chinathera pomwepo. Anawerenga pepala lija nkuimba mluzu. Anati amene walemba izi amadziwa zinthu, koma khadi imene akufunayo mu Mzuzu mulibe, ndipo ngakhale ikanakhalamo sindikanaikwanitsa. Anandifotokozera mofatsa kuti khadiyo ndi imene imajambula zithunzi za gemu pa sikirini, ndipo popanda iyo osewera mpira amayenda ngati ali m'matope. Kenako anatulutsa ziwiri zogwiritsidwapo kale ntchito. Ina inali yaing'ono ngati chikhatho changa, ya fani imodzi. Inayo inali yaitali ngati buledi, ya mafani awiri, ndipo mtengo wake sunkasiyana kwambiri ndi wa yaing'onoyo chifukwa inali yakale. Anandifunsa kukula kwa bokosi langa, ndinamuonetsa ndi manja.

"Mama, tengani kachoko aka," anatero, akuloza kakang'ono kaja. "Ka bokosi lanu ndi aka. Chikulu ichi chikusuzgani chomene."

Anapemphanso kuti ndimuimbire mwini pepalayo ayankhule naye, koma ndinakana. Apa ndi pamene uchitsiru wanga unafika pachimake, ndipo ndinauchita ndikudziona ngati wochenjera. Ine ndinakulira m'misika. Amayi anandiphunzitsa kugula ndi manja, kunyamula kabichi uku ndi uku nkumva yolemera, kukweza nkhuku m'mwamba usanafunse mtengo. Anandiphunzitsanso kuti wogulitsa akamakukankhira ku chaching'ono ndiye kuti chachikulucho wasungira mnzake. Ndinanyamula makhadi awiriwo, ina dzanja ili ina dzanja ili, nkumayesa. Yaing'ono ija inali ngati mulibe kanthu. Yaikuluyo inkakoka dzanja, yozizira, yachitsulo, yooneka kuti ndalama zako zapita pa chinthu. Mumtima ndinati bambo uyu wandiona kuti ndine mzimayi, akufuna andipatse kachidole. Mlongo wanga anali atalandidwa zambiri kale, sindikanamupititsira chinthu chopepuka.

Bamboyo anandichenjeza katatu. Anati khadi yaikuluyo ndi ya munthu wina amene anangomusiyira kuti amugulitsire, ndiye ikatuluka pakhomo sibwerera. Ndinati ndamva. Anaikulunga m'nyuzipepala akupukusa mutu, nati yewo, kweni ndakuuzani. Ndinaimanga m'chitenje nkuyenda wapansi mpaka ku Chiputula, chifukwa chichitikireni ngozi ija njinga ya kabaza sindikwera. Njira yonse ndinkapemphera, ndipo ndikuvomera kuti ndinkadzitamanso pang'ono.

Loweruka m'mawa ndinamukankha mpaka patebulo, nkuika patsogolo pake kabokosi kaja, khadi ndi tsamba la m'kope lake. Sindikudziwa chimene ndinkayembekezera, mwina kuti agwetsa misozi nkundithokoza. Anaziyang'ana nthawi yaitali osagwedezeka. Kenako anatambasula dzanja, natsegula chivundikiro cha bokosilo ndi chala chimodzi, nkuika khadi ija pambali pake. Ngakhale ine ndinaona. Khadiyo inali yaitali ndiponso yokhuthala kuposa malo onse a m'bokosimo.

"Wakusankhirani ndani chimenechi?" anafunsa. Mawu ake anali osasa, ndinali nditawaiwala.

"Ndasankha ndekha."

"Munayang'ana chiyani?"

"Kulemera," ndinayankha, ndipo nditadzimva ndekha manyazi anandigwira.

Sanaseke. Anandiuza, akuloza ndi chala, kuti khadiyo singalowe, ndipo ngakhale titaikankhira ndi phazi, pawa sapulayi ya m'kabokosimo, imene imagawa magetsi ku zipangizo zonse, ndi yolembera makalata basi, ingapse tsiku lomwelo. Nditamuuza za kakang'ono kamene ndinakakana kaja, anati ndi kamene kakanagwira ntchito madzulo omwewo. Kenako anakweza maso nkundiyang'ana, koyamba pa miyezi yonseyo.

"Ine ndili pompano, achemwali. Mumadutsa pambali panga m'mawa ndi madzulo. Inafa ndi miyendo, mutuwu ulipo. Bwanji osandifunsa? Za kumudzinso mwauza mayi a pakhomo apa, ine ndamvera pazenera."

Munthu wanzeru akanapepesa. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinamufunsa kuti khoma amalifunsa bwanji, popeza iye anasanduka khoma. Ndinamuuza za nsapato zanga zimene zathera m'matope a mu tauni, za nkhomaliro zimene sindinadye. Iye anati sanandipemphe. Tinakalipirana mpaka mayi woyandikana nane uja anabwera kudzasuzumira pakhomo, nkubwerera chamsana. Ndinatuluka nkukakhala kuseri kwa nyumba pa chidebe chovundikira, mvula ikundiwaza, ndipo ndinasowa pogwira. Ndalama zinali zitapita, masiku anali akutha, ndipo chimene ndinapindula chinali kumva mlongo wanga akundiuza kuti ndamuika m'manda ali moyo. Nditalowanso m'nyumba ndinamupeza akumasula masikulu a bokosi lija ndi nsonga ya mpeni wa kukhitchini. Ndinangomuyatsira getsi kuti aziona bwino.

Lolemba ndinabwerera kwa bambo wa magalasi uja ndi khadi m'chitenje, ndinachita kugwada. Anandidzutsa mwaulemu, koma anati mwini khadiyo anatenga kale ndalama zake nkupita ku Karonga, ndipo kakang'ono kaja kanagulidwa tsiku lomwelo ine nditangochoka. Ndinabwerera nayo kunyumba khadiyo. Nditamufotokozera mlongo wanga, anandiuza kuti ndimutengere foni yake m'kabati. Anaitchaja, nandifunsa nambala ya bamboyo, ndipo anayankhula naye nthawi yaitali, zilembo ndi manambala okhaokha, Chichewa, Chingerezi ndi Chitumbuka chimene sindinkadziwa kuti amachitha. Anagwirizana kuti bokosi lija lingotayidwa, zam'kati mwake zikhomeredwe pa thabwa, ndipo bamboyo apereke pawa sapulayi yakale yokulirapo. M'malo mwa ndalama, mlongo wanga azimukonzera mafoni amene anthu ankasiya kwa bamboyo, ine ndiziwanyamula popita ndi pobwera kuntchito.

Masiku otsatirawo tebulo lathu lodyera linasanduka benchi. Thabwa tinalichotsa pa shelefu ya mbale. Sikirini inali kawayilesi kathu kakanema. Anayamba kunditumatuma, ndimugwirire apa, ndimuunikire apo, ndipo ndikagwira molakwika ankandinena kuti manja angawa ndi a kabichi. Chakudya ankadyabe pang'ono, koma ankadya osazindikira, maso ali pa mawaya. Ndinayamba kuona ngati zitheka, ngakhale ndinkaopa kuzinena ndi pakamwa.

Pawa sapulayi ija inafika Lachinayi, amalume akubwera Loweruka. Anailumikiza bwinobwino mpaka anafika pa khadi yanga yolemera ija, pomwepo anaima. Khadiyo inkafuna pulagi ya mabowo asanu ndi atatu, pomwe ya pa pawa sapulayi inali ya mabowo asanu ndi limodzi. Pankafunika kachingwe kolumikizira ziwirizi, ndipo bambo uja atafunsa kwa anzake onse anapeza kuti mu Mzuzu mulibe, kayenera kuchokera ku Lilongwe pa basi. Mlongo wanga anaponya mpeni uja pansi, nayendetsa njinga yake kubwerera kukhoma kwake. Lachisanu lonse sanadye ndipo sanayankhule. Ine ndinapita kuntchito nkukhala patsogolo pa kalata imodzi mpaka nthawi yoweruka, osalemba ngakhale mzere.

Amalume anafika Loweruka dzuwa lili pamutu, pa galimoto ya bokosi imene anabwereka kwa mnzawo, kumbuyo atayalako matiresi. Analowa, anakhala, anayang'ana thabwa la mawaya lija osafunsa kanthu. Nditawapatsa madzi anayamba kuyankhula, ndipo ankayankhula ndi ine. Anati ndayesetsa, mtundu wonse ukuthokoza. Koma anati ntchito ya boma ndingaitaye chifukwa chojomba, ndipo koposa zonse, kwathu mkazi sasambitsa mlongo wake wamkulumkulu, zimenezo amayi zikuwasowetsa tulo. Kumudzi kuli amuna, asuweni ake, amene angamunyamule ndi kumusambitsa popanda manyazi. Ndinali nditakonza mawu ambiri sabata yonseyo, koma pa nkhani yosambitsayo amalume ankanena zoona, chifukwa manyaziwo tinkawamva tonse awiri m'mawa uliwonse. Ndinangogwada pamenepo misozi ili chuchuchu, ndikubwereza kuti atipatseko nthawi. Amalume anati nthawi anatipatsa kale, ndikalongedze zovala.

Kenako tinamva matayala akulira pa simenti. Mlongo wanga anali atatembenuka.

"Amalume, ndamva," anatero. "Ndipita. Koma ichi sichinayake. Chikayaka mudzanditenge."

Amalume anadzidzimuka, paja anauzidwa kuti munthuyu sayankhula. Anafunsa kuti chiyaka liti, iye nati chingwe chikafika kuchokera ku Lilongwe. Amalume athu ndi mmisiri womanga nyumba, munthu woti khoma losatha limamudwalitsa. Anadzuka, anazungulira tebulo lija manja ali kumbuyo, nafunsa ntchito ya mafani awiriwo, ndipo mlongo wanga anawafotokozera. Atamva anati ntchito ya munthu sasiyitsa pakati. Anandiuza kuti tsiku limene chidzayake ndidzawaimbire, adzabweranso ndi galimoto. Anamwa tiyi nkunyamuka, matiresi aja ali kumbuyo opanda munthu.

Galimoto itangokhota ndinathamangira m'nyumba ndikuseka, ndikumuyamikira kuti wawapusitsa bwino akuluakulu. Iye sanaseke. Anati sanapusitse munthu, ndipo zimene wanena ndi zomwezo. Anati amandiona mmene ndimagwirira msana ndikamutsitsa pabedi, amandimva ndikamanama pa foni kwa abwana anga kuti ndili m'njira. Ankangofuna aone chinthu chakecho chitayaka, asewere mpira umodzi, kenako andipumitse. Ndinamuuza kuti sindinatope, iye anati bodza silindikhala. Chimwemwe chonse chija chinathera pomwepo, ndipo mantha amene ndinamva anaposa a tsiku la foni ya amalume.

Lachiwiri bambo wa magalasi anandiimbira kuti katundu wafika. Kanali kachingwe kakuda kotalika ngati dzanja langa, kopepuka kuposa kiyi wa nyumba. Ndinakatembenuza kangapo, kenako ndinamupempha bamboyo kuti mlongo wanga akaimba asamuuze kuti kafika. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake nthawi yaitali.

"Ine utesi yayi, mama," anatero, kutanthauza kuti bodza sanena. "Kweni foni yanga masiku ano netiweki ikuvuta chomene."

Kachingweko ndinakaika m'chikwama changa cha m'manja, pansi pa kabuku ka nyimbo za kutchalitchi, ndipo ndinayamba kupita nako kuntchito ndi kubwera nako. Madzulo aliwonse ndikangolowa ankandifunsa ngati chafika, ine nkumati sichinafike. Podikirapo ankapukuta mafani a khadi ija ndi mswachi wakale, ankakonza mafoni amene ndinkabwera nawo, ndipo tsiku lina anamaliza mbale yonse ya nyemba akukangana ndi foni ya munthu imene inagwera m'madzi. Amalume ankaimba, nawonso ndinkawauza kuti sichinafike. Ine amene ndinasala kudya kupempherera kuti chinthucho chiyake, tsopano ndikachiyang'ana pa tebulo paja ndinkaopa tsiku limene chidzayake. Ndinkadziwa kuti ndikumubera chinthu chokhacho chimene anapempha, ndiponso kuti ndabwerera ku khalidwe langa lomuganizira osamufunsa. Koma dzanja linkakana kulowa m'chikwamamo.

Tsiku lachisanu ndi chinayi chibisireni kachingweko ndinafika nditanyowa, ndinaponya chikwama patebulo nkuwerama kuti ndimukonzere mapazi amene anali atatsetsereka pa chopondera. Nditaweramuka ndinaona kuti chikwamacho chagwa cham'mbali, kabuku ka nyimbo katuluka, ndipo mutu wa kachingwe kaja uli panja, pafupi ndi dzanja lake. Ankakayang'ana. Ndinayamba kuganiza za zovala zake, kuti ndiyambira ziti kulongedza.

"Achemwali, tsekani zipi ya chikwama chanu," anatero. "Mungataye zinthu."

Ndinabwezeramo zonse nkutseka. Iye anatenga foni imene ankakonza ija nkuiyandikitsa kumaso.

"Mawa mukafunsenso ku depoti," anatero osandiyang'ana. "Mabasi a masiku ano amachedwa."

Ndinati ndikafunsa.